Pikapu ya Pakati pa Nyumba Ziwiri

Amuna athu anagula galimoto atatsala pang'ono kupita ku Joni kukagwira ntchito. Ndikuti athu chifukwa tilipo awiri. Ine ndine wamng'ono. Aakulu ndinawapeza ali kale ndi ana ndi nyumba yawo, ndipo yanga inamangidwa pa puloti yomweyo kwa Mponda, makomo kuyang'anizana. Pakati panatsala bwalo laling'ono, ndipo pabwalo pamenepo ndi pamene thirakitala inadzatula galimotoyo.

Inali pikapu yakalekale ya ku Falansa, zija za giya wa pachiwongolero ndi mpando umodzi wautali kutsogolo. Masiku ake inkanyamula chambo kupita nacho ku Limbe, ndipo madzi a nsomba anaidya pansi ponse. Ukasuzumira pawindo unkaona udzu pamene payenera kuponda mapazi. Mtundu wake sunkadziwika, koma amuna athu anati ndi yobiriwira. Anaizungulira akuisisita, n'kutiuza kuti galimoto zotere anasiya kupanga. Ife tinaona kuti opangawo anachita bwino.

"Musaikhudze. Ndikabwera ndidzaikonza ndekha," anatero, n'kukakwera basi.

Sitinaikhudze. Inatithandizanso, chifukwa ine ndi aakulu sitinkayankhulana kupitirira moni, ndiye tsopano panali chotitchinga. Iwo ankasesa kulekeza pa matayala a mbali yawo, ine pa a mbali yanga. Kunsi kwake kunalibe mwini.

Patapita nthawi amuna athu anatumiza katundu kudzera kwa anthu aja amanyamula za ku Joni: mabulangete awiri ofanana ndi katoni yolemera. M'katonimo munali makina owotcherera, girainda ndi chipewa cha galasi lakuda. Anati katoniyo isungidwe kwanga poti denga langa silidontha. Aakulu anamva mawuwo ngati onena za denga lawo, ndipo sanamve molakwa.

Lachisanu lililonse amuna athu akachoka ku mzikiti ankaimba foni ya kanema. Ankayamba ndi aakulu, kenako ine, kenako ankati, "Tandionetsani galimoto." Ndinkatuluka ndi foni n'kuizungulira pang'onopang'ono, iwo ali chete ngati munthu amene akuyang'ana khanda lili mtulo.

Aakulu amakhoma mbaula. Bambo awo ku Makanjira anali mmisiri wa ndowa ndi zidebe, ndipo poti analibe mwana wamwamuna nyundo anasiyira iwo. Amagula migolo yakale, kudula, kukhoma, n'kukagulitsa kumsika. Nyengo ina migolo inasowa m'tauni monse.

M'mawa wina ndikuyanika zovala ndinaona bowo pa boneti. Silinali la dzimbiri, chifukwa la dzimbiri silikhala ndi makona anayi. Linali lodulidwa mwaluso, lalikulu ngati thireyi. Pakhonde la aakulu panali mbaula yatsopano, mkati mwake mobiriwira. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti pa nkhani ya mtundu amuna athu ankanena zoona.

Ndinawoloka bwalo, zimene ndinali ndisanachitepo popanda maliro kapena matenda.

"Achemwali, boneti ija."

"Yatani?"

"Yabooka."

"Inali yobooka kale. Ine ndangowongola m'mbali."

"Lachisanu aimba."

Anaika nyundo pansi n'kuganiza pang'ono. "Mudzayambire kumbuyo. Netiweki idzathe musanafike kutsogolo."

Ndikanatha kungoonetsa bowolo. Koma foni inkakhala m'manja mwanga, ndipo dera lonse likanamva kuti wamng'ono wanenera wamkulu. Komanso funso loyamba likanakhala lakuti ine ndinali kuti pamene boneti imadulidwa. Choncho Lachisanu limenelo netiweki inatha. Lotsatira lake ndinayala mphasa pa boneti n'kuyanikapo chinangwa.

"Mwayanika chiyani pa galimoto yanga?"

"Makaka."

"Chotsani, amadya penti. Sabata yamawa ndidzaione yonse, yopanda kanthu pamwamba."

Madzulo ake ndinatsegula katoni ija.

Achimwene anga amawotcherera mabagala a mawindo ndi makaliyala a njinga za kabaza pafupi ndi depoti. Ndinawapempha kuti adzatseke bowolo, koma anakana. Anati galimoto ya alamu saigwira, tsiku lina chidzasowa china ndiye dzina lawo lidzatchulidwa. Chimene anavomera ndi kundionetsa pa zidutswa za kushopu kwawo.

"Chitsulo cha galimoto n'chopyapyala," anatero. "Ukakoka rodi yowotcherera ngati pa bagala, ubowola. Moto uchepetse. Uike dontho, uchotse dzanja, udikire pazizire, dontho lina ukaike kutali. Zimafuna munthu wosapupuluma. Sindikudziwa ngati ndiwe."

Anandipatsa marodi ang'onoang'ono kwambiri, n'kunditsanzika ngati ndikupita kutali.

Chigamba anadula aakulu pa chitseko cha firiji yakufa, poti mbaula ija inali itagulidwa kale. Anachiika pamchenga n'kumachimenya ndi nyundo yamtengo mpaka chinapindika mofanana ndi msana wa boneti. Atachiika pabowo chinalowa ngati chinabadwira pomwepo. Sanayang'ane kwa ine kuti ndiyamikire, ine sindinayamikire, koma tonse tinaona.

Mbali yanga sinayende chomwecho. Rodi inkamata pachitsulo, makina n'kumang'ung'udza, ine n'kumakoka ngati ndikuzula chinangwa. Ikayaka inkabowola. Pofika masana tinali ndi bowo lalikulu lotsekedwa ndi timabowo tambirimbiri tozungulira. M'chipewamo sindinkaona kanthu, ndiye ndinkachitukula kuti ndione poyambira. Aakulu ankagwira chigamba ndi pulayala, maso ali pomwepo, popanda chotchinga chilichonse. Anati moto akhala akuuona kuyambira ali mwana.

Kutacha, maso anga anali ngati wina wathiramo mchenga wa kunyanja. Anatupa, misozi ili chuchuchu, ndipo dzuwa sindinkatha kuliyang'ana. Nditatuluka mopapasa ndinapeza aakulu atakhala pakhonde lawo, maso ofiira, nawonso akulira. Tinakhala choncho, wina uku wina uko, tikupukuta misozi ndi nsonga za mipango.

Mayi wina woyandikana nafe atadutsa anaima, n'kubwerera mofulumira. Posakhalitsa amayi anayamba kufika n'kumakhala pansi mwakachetechete, poganiza kuti ku Joni kwachitika zovuta. Titawauza kuti bambo ali bwino, anayang'anana n'kumvetsa kuti ndiye kuti tamenyana. Wina anakaitana apongozi.

Apongozi, mayi awo a amuna athu, anafika ndi ndodo yawo n'kutikhazika pa mphasa imodzi. Anayankhula nthawi yaitali, m'Chiyao ndi m'Chichewa, za kupirira, za mitala ya masiku awo, ndi za manyazi amene tikumuchititsa mwana wawo ali kutali. Anafunsa amene anayamba. Aakulu anati iwo. Ine ndinati ayi, mbali yaikulu ndinachita ndine. Apongozi anakondwa kwambiri ndi mayankho amenewa. Anatiuza kuti tigwirane chanza, tinagwirana, ndipo anapita kwawo akuuza anthu m'njira kuti nkhani yatha.

Maso atapola ndinabwerera pa boneti, chipewa chili kumaso. Aakulu anamangirira galasi lakuda pa kachikatoni n'kumagwira ndi dzanja lina. Pang'onopang'ono dzanja langa linamva mawu a achimwene: dontho, kudikira, dontho lina kutali. Timabowo ndinatitseka kamodzikamodzi. Kenako girainda, kenako fila, phala lija limauma ngati mwala, kenako sandipepala mpaka zala kufa dzanzi. Penti yobiriwira imene tinaipeza inali ya zitseko.

Lachisanu ndinayambira kutsogolo.

"Boneti ikuoneka bwino," anatero amuna athu. "Mwaitsuka?"

"Tatsuka."

"Muzitsuka ponse, osangoti malo amodzi."

Nkhani ikanathera pamenepo. Koma m'mawa mwake ndinapeza aakulu ataima pambali pa galimoto, akugogoda madigadi, chitsulo cha pamwamba pa tayala, ndi nyundo. Atagogoda kachitatu nyundo inalowa mkati.

"Apa ngakhale mbaula singatuluke," anatero. Kenako anapitiriza osandiyang'ana. "Munthu uja sadzaikonza. Sanakhomepo ndi msomali womwe. Chitseko cha nyumba yanga ndinaika ndekha, iye atagwira nyali."

"Changa anaika achimwene," ndinatero.

Kanali koyamba kuti tikambe za mwamuna wathu. Sitinapitirize. Anandifunsa ngati marodi atsala, ndinati atsala.

Tinagula tenti yakale n'kumaifunditsa Lachisanu lililonse. Amuna athu tinawauza kuti dzuwa la ku Mangochi likuwononga galimoto, ndiye tiziwaonetsa tenti. Anatiyamikira. Anati tsopano tayamba kuzindikira mtengo wa chinthu.

Anyamata a kabaza anatithandiza kutukula thupi la galimoto n'kulikhazika pa migolo. Chesesi, mafupa ake aja a kunsi, inali yolimba kuposa mmene tinkaopera. Tinaipala ndi burashi yawaya n'kuipaka penti yofiira yoletsa dzimbiri. Pansi pa mapazi ndi pansi pa bodi yonse tinadula n'kutaya. Migolo itayambanso kupezeka, aakulu ankaitumbula, kuiwongola, n'kukhomamo mizere kuti chitsulo chisamagwedere, ine n'kumawotcherera. Moto ukafika pa chitsulo chakale pankatuluka fungo la nsomba zimene zinadyedwa ine ndisanabadwe. Amphaka a dera lonse ankabwera kudzakhala pampanda.

Ntchito inkayendera magetsi. Akayaka, chilichonse chimene uli nacho m'manja umasiya. Ndinasiyapo mpunga pamoto, ndinasiyapo mlendo pampando. Adhana, kuitana kwa ku mzikiti, ikamveka tinkazimitsa makina, kusamba, kuswali, n'kubwerera. Mwezi wa Ramazani tinkagwira m'mawa mokha, chifukwa kuwotcherera masana uli pa swaumu, osadya osamwa, ndi kudziyesa pa zinthu zimene sunafunsidwe.

Tsiku lina chitenje changa chinagwira moto. Ndinamva kutentha ku miyendo koma ndinafuna kumaliza mzere. Aakulu anandithira ndowa ya madzi n'kubwerera pa nyundo yawo. Kuyambira pamenepo ndinkavala ovolosi ya amuna athu, mpango kumutu, chipewa pamwamba pa mpango. Anthu anayankhula kwa kanthawi, kenako anayamba kubweretsa makasu ndi mipando yothyoka.

Madigadi ndi amene anaonetsa luso la aakulu. Anagadabuza mtondo wakale n'kumapindira chitsulo pa thako lake, kumenya pang'ono, kukayesa, kubwerera. Ankapita ndi kubwera choncho tsiku lonse. Ine ndikanati zakwana kalekale. Iwo ankatseka maso n'kuyendetsa chikhatho pamwamba, n'kupeza chotupa chimene maso sanachione.

Tinakangana pa chitseko. Ndinawotcherera mzati wa chitseko cha kumanzere thupi lili chikhalire pa migolo, osadziwa kuti mgolo umodzi watitimira mumchenga. Titalitsitsira pa chesesi, chitseko chinakana kutsekeka. Chinkatsala mpata wolowa dzanja.

"Ndinakuuzani kuti tiyese kaye," anatero aakulu.

"Simunanene."

"Ndinayang'ana mgolo. Munthu wamaso akanaona kuti ndikuyang'ana mgolo."

"Ine ndinali m'chipewa, achemwali. Ndikanaona bwanji kumene mukuyang'ana?"

"Inu mumalowa pa zinthu musanafunse kuti zakhala bwanji. Si lero lokha."

Ndinamva chimene ankanena, ndipo sichinali chitseko. Ndinayankha, iwo anayankha, ndipo zaka zonse zimene tinakhala tikupatsana moni zinatuluka masana amenewo. Ananena za tsiku limene anamva za ukwati wanga kuchokera kwa wogulitsa makala. Ine ndinanena za nthawi imene ndinabereka mwana woyamba, iwo n'kutumiza phala ndi munthu wina pamene khomo lawo lili apa. Palibe anabwera kudzatileretsa. Anthu anali atazolowera phokoso la pakhomo pathu.

Masiku angapo tenti sinachotsedwe. Kenako m'mawa wina magetsi atayaka ndinamva girainda ikulira. Ndinatuluka n'kupeza aakulu akudula mzati uja, galasi lawo la pakatoni lili m'dzanja lina. Ndinakavala ovolosi. Ulendo uno tinayamba takoloweka chitseko, kuchitseka, kulowetsa timatabwa m'mipata kuti ifanane, kenako n'kuwotcherera. Chinatsekeka ndi chala chimodzi. Aakulu anachitsegula n'kuchitsekanso kangapo.

"Phala lija ndinaphika ndekha," anatero.

"Linali labwino," ndinatero.

Fila woyamba tinamuika wochindikala, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala kunamung'amba ngati dothi la padambo. Tinapala n'kuyambiranso, aakulu akuwongola chitsulo kuti fila alowe wochepa. Popenta tinabwereka kompuresa kwa achimwene, amene tsopano ankabwera kudzaona manja ali kumbuyo, osagwira. Tinapopera m'mamawa mphepo isanadzuke, titathira madzi pabwalo kuti fumbi ligone. Tizilombo tingapo tinatera padenga penti isanaume. Tilipobe.

Injini sitinaiyerekeze. Tinaitana makaniko wachikulire amene anagwirapo galimoto zotere ali mnyamata. Anatsegula, kununkhiza, n'kunena kuti siinafe, yangogona. Anasintha mapaipi, kutsuka kabuleta, kukonza mabuleki, n'kumangira batire. Italira koyamba inatulutsa utsi wakuda ndi chisa cha makoswe, ndipo apongozi anatumiza uthenga wofunsa ngati tayambiranso.

Amene anasankha woyendetsa ndi aakulu. Anati amene anawotcherera pansi ndi amene akhalepo. Ndinapita kusukulu yoyendetsa, ndinatenga laisensi, tinayenda m'maofesi mpaka mapepala a galimoto anatheka. Giya wa pachiwongolero anandiphunzitsa makaniko uja pabwalo la mpira.

Amuna athu anabwera kutatsala masiku ochepa kuti tidye Idi. Tinawauza kuti tidzawachingamira pa depoti. Tinaimika pikapu moyang'ana pamene basi imaima, ine pachiwongolero, aakulu pambali, atavala zoyera. Amuna athu anatsika onenepa pang'ono, ndi zikwama zazikulu zamizeremizere. Anatidutsa. Anaima pafupi ndi bampala n'kumayang'ana uku ndi uku, kenako anatulutsa foni. Yanga inalira m'manja mwanga.

"Muli kuti?"

"Mwatsamira pa ife."

Anatembenuka. Anayang'ana ine, anayang'ana aakulu, kenako anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuizungulira. Anagwada n'kusuzumira kunsi. Anagogoda madigadi. Anthu a pa depoti anasonkhana, ena akujambula, ndipo bambo wina wachikulire anati galimoto yotere inamunyamula popita kukafunsira mbeta. Amuna athu anadikira mpaka katundu yense atakwezedwa.

"Sunthani," anandiuza.

Ndinasuntha. Anakhala pachiwongolero n'kuliza injini. Dzanja lawo linapita pansi kukafuna giya, n'kugwira bondo langa. Ndinawalozera pamene ali. Anakoka, galimoto inadumpha n'kuzima. Analizanso, inabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuzima, ndipo mayi wogulitsa mandasi anasamutsa beseni lake. Anakhala kanthawi atagwira chiwongolero.

"Mwendowu watupa ndi ulendo," anatero.

Tinasinthana. Anakhala pakati, maondo m'mwamba, kachikwama pamiyendo. Tinatuluka mu depoti bwinobwino. Tinadutsa msika.

"Ndinati musaikhudze," anatero kenako.

"Munatero," anayankha aakulu.

Tinayendanso pang'ono. Anaponda pansi ndi chidendene, kamodzi, kawiri.

"Apa wawotcherera ndani?"

"Ine."

Anawerama n'kutukula kapeti. "Mzere wake ndi wokhota."

"Ndi wokhota," ndinavomera.

Anabwezera kapeti, n'kuisalaza ndi dzanja. Titafika kunyumba sanatsike msanga. Ife tinatsitsa katundu, tinatenthetsa madzi osamba, iwo ali m'galimoto, mawindo otseka, manja pa chiwongolero. Aakulu anati tiwasiye. Atatuluka maso awo anali ofiira, ndipo anati ndi fungo la penti.

Tsiku la Idi alendo anadzaza pabwalo. Amuna athu ankawatengera ku galimoto m'magulumagulu, n'kumafotokoza kuti zipangizo zonse anatumiza ndi iwo kuchokera ku Joni. Zinali zoona, ndiye sitinatsutse. Mwezi umenewo ndinawaperekeza kulikonse kumene ankafuna, iwo atakhala pambali, chigongono pawindo, akukweza dzanja kwa anthu. Mwendo sunaphwe mpaka tsiku lobwerera.

Pikapu ija tsopano imanyamula mbaula kupita nazo m'misika ya m'mbali mwa nyanja, mpaka ku Chembe. Chaka chatha aakulu anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Makanjira, ku sadaka ya bambo awo. Ndinali ndisanapiteko. Msewu wa kumeneko unayesa dontho lililonse limene ndinaika, ndipo chimene chinathothoka ndi paipi ya utsi yokha, tinaimanga ndi waya.

Titafika, azakhali awo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa m'Chiyao kuti ameneyu ndani. Chiyao ndimamva, ndiye ndinadikira. Aakulu anali akumasula chingwe cha katundu.

"Ndi amene amandiyendetsa," anatero. "Mumuyalire m'nyumba ya amayi, pamene ndigone ine."

Pobwerera tinanyamuka dzuwa litakwera, kumbuyo titadzaza mpunga ndi nkhuku zimene anatipatsa. Aakulu anali atatopa ndi kuphika kwa masiku onse aja. Tisanafike patali anayamba kusinza, mutu ukugunda galasi. Kenako unagwera mbali inayo n'kutsamira pa phewa langa. Dzanja limenelo ndi losinthira giya. Ndinasiya galimoto mu giya wachiwiri, n'kumasankha maenje ang'onoang'ono.